Nyika Kaye, Uchape Mawa

Linali Lachitatu, nthawi itangopitirira 3 koloko masana, pamene mwana wanga ananditchula kuti anti. Nthawiyo ndikuikumbuka bwino chifukwa ndinayang'ana pa foni kuti anthu asaone misozi.

Ndinali nditangotsika pa njinga yamoto kuchokera ku boma, zikwama zanga ziwiri zili pansi, fumbi la msewu wa ku Senga Bay lili kumaso. Ndinali nditatha zaka zinayi ku Joni. Thoko ndinamusiya ali ndi zaka ziwiri m'manja mwa achemwali anga a Esinati, ndipo tsopano anali ataima pakhonde, wamtali, atavala yunifolomu yasukulu, akumung'unya malambe.

"Thoko, bwera udzapereke moni," anatero achemwali.

Anabwera, nagwada bwinobwino monga mwana woleredwa. "Mwayenda bwanji, anti?" Kenako anatembenuka. "Amayi, anti awa agona kwathu?"

Amayi amene ankawafunsawo anali achemwali.

M'mutu mwanga nkhani inatha pomwepo. Wanjinga uja anali asanapite patali. Ndimuimbire abwerere, ndinyamule mwana wanga, tikapeze nyumba ya lendi ku boma kumene kulibe munthu wina woti azitchulidwa amayi. Ndinamugwira Thoko pamkono, ndipo ndinagwira mwamphamvu kuposa mmene ndinkafunira.

Ndiyambe ndanena za mmene ndinabadwira. Ine ndine wamanyazi. Sukulu ndinalekeza Sitandade 5, ndipo zaka zonsezo sindinakwezepo dzanja m'kalasi. Anthu amaganiza kuti munthu wamanyazi ndi wofatsa. Si zoona. Pakamwa panga pamachedwa, koma manja ndi miyendo sizidikira. Munthu akandilankhula zopweteka sindiyankha, amangoona ndanyamuka. Amayi anga ankati ndili ngati mwera, wodzuka nyanja ili phee.

Ku Joni komweko ndinapita chifukwa cha chitenje. Bambo ake a Thoko anali msodzi wa pachilumba cha Mbenji. Chaka china chilumbacho chitatsekedwa kuti nsomba ziswane, anzawo onse anabwerera kwa akazi awo, iwo anapitirira kwa mkazi wina. Zimenezo ndinapirira. Koma tsiku lina pamjigo mayi wina anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti, "Chitenje chakochi chikanakhala mwana bwenzi chitayamba sukulu." Azimayi anaseka mpaka kugwirana. Ndinasiya ndowa pomwepo isanadzaze. Mwezi usanathe ndinali nditagulitsa mbuzi zanga, ndikutsatira mayi wina wamalonda amene ankadziwa njira.

"Ukusiya mwana chifukwa cha chitenje?" anandifunsa achemwali.

Thoko anali m'tulo kumsana kwawo. Ndinangomugwira kaphazi, n'kukwera minibasi.

Za ulendowo sindikonda kukamba. Ndinakathera ku Durban, ndipo patapita milungu ingapo ndinapeza ntchito pamalo ochapira zovala za m'mahotela. Munali motentha ngati Salima mwezi wa Okutobala, makina akulira tsiku lonse, nthunzi ya masimbi ili tolotolo. Tsiku lachiwiri ndinapsa chala ndi simbi, ndipo mosadziwa ndinafuula kuti, "Mayo ine!"

Kuseri kwa mulu wa matawulo kunatuluka mutu wa mayi wina atavala mpango wobiriwira.

"Iwe, mayo ameneyo ndi wa kuti?"

"Wa ku Salima."

"Salima yake iti? Salima ndi wamkulu."

"Kunyanja, cha ku Senga Bay."

"Wallahi! Tabwera kuno ndikununkhize, mwina ukadali ndi fungo la usipa."

Amenewo anali Abiti Jafali, mayi wachisilamu wa ku Chipoka, wojintcha, woseka ndi thupi lonse. Anali atagwira pamalopo zaka zambiri, ndipo ngakhale abwana ankawafunsa nzeru. Sabata yomweyo ananditenga kuti ndizikhala nawo m'kachipinda kawo, iwo pabedi, ine pamatiresi pafupi ndi chitseko.

Mwezi woyamba usanathe ndinawononga jekete. Linali jekete loyera la mkulu wa ophika pa hotela ina, ndipo linabwera lili ndi magazi pachifuwa, kaya anadzicheka kaya ndi a nyama. Ndinafuna kuonetsa kuti ndine wachangu. Sindinafunse munthu. Ndinawiritsa madzi m'ketulo, ndinathira pabangapo, ndinapaka sopo n'kuyamba kutikita ndi mphamvu zanga zonse. Kufiira kuja kunasanduka kwa bulawuni. Ndinathiranso madzi ena otentha. Banga linakhazikika ngati analisokera momwemo.

Ndinavula epuloni, ndinatenga kachikwama kanga. Ndinati ndichoke ndekha asanandichotse. Ndinapeza Abiti ataima pakhomo, ndipo iwo akaima pakhomo sipatsala malo.

"Ukupita kuti?"

"Kwathu."

"Wapansi? Chabwino. Ukamadutsa pa Tete upereke moni."

Atsikana awiri a ku Zimbabwe amene tinkagwira nawo sanamve Chichewacho, koma anaseka chifukwa cha nkhope yanga. Abiti anandilanda chikwama, n'kuchiponya m'beseni lopanda madzi, n'kukhalira pamwamba pake.

"Unawiritsapo dzira?"

"Eya."

"Likapsa, unalibwezapo kuti likhale laliwisi?"

"Ayi."

"Ndiye magazi ndi chimodzimodzi. Ukawathira madzi otentha wawaphika. Magazi amafuna madzi ozizira ndi kamchere. Nyika, usiye, upite ukachite zina. Mawa ukabwera udzapeza afewa okha. Nyika kaye, mwana wanga, uchape mawa."

Abwana anakalipa, koma sanandichotse chifukwa Abiti anati andiphunzitsa okha. Jekete lija silinayerenso. Eni ake analikana, ndipo linakhala langa, ndinkalivala pogwira ntchito. Abiti analipatsa dzina loti aphunzitsi. M'mawa ukafika ankafunsa kuti, "Aphunzitsi adzuka bwanji lero?"

Ndikamakumbuka zaka zimenezo, kutopa ndimakukumbuka, koma chimene chimabwera msanga ndi kuseka. Nsalu zapabedi tinkapinda awiriawiri, wina uku wina uko, kuyandikirana, kutalikirana, ndipo atsikana a ku Zimbabwe anasandutsa zimenezo kukhala gule. Tinkapinda tikuvina, abwana akalowa tonse nkhope gwaa ngati tili pamaliro. Madalaivala a mabasi akabweretsa usipa wouma wochokera kumudzi, Lamlungu tinkauphika ndi tomato wambiri, fungo n'kudzaza nyumba yonse mpaka oyandikana nawo kugogoda. Ena ankabwera kudzadandaula, n'kubwerera atanyamula mbale.

Tsiku lina tinapita kukaona nyanja yawo. Ndinatunga m'manja kuti ndimwe, ndinalavula.

"Nyanja yaulesi imeneyi," anatero Abiti. "Sungamwe, sungaphikire, sopo sachita thovu. Ntchito yake ndi kungokula basi."

Koma khalidwe silichoka ngati thukuta. Mwezi wina nditalandira malipiro n'kutumiza za kumudzi, ndinaona nsapato zagogoda zofiira pawindo la sitolo. Ine amene ndinakulira pamchenga, wosavalapo china koma mapatapata. Ndinalowa, ndinagula, ndinavala pomwepo. Ndinayenda ngati mwana wa ng'ombe wobadwa kumene, ndipo pokwerera mataksi ndinagwa chagada anthu akuona. Ndinafika kunyumba nsapato zili m'manja.

Abiti anazitembenuza uku ndi uku. "Zokongola ndithu. Unazinyika?"

"Nsapato amanyika?"

"Chilichonse amanyika. Ukaona chinthu pawindo, chisiye chigone pomwepo. Mawa chikakhala chikadali chokongola, ndi chako."

Anazipachika pa msomali pamwamba pa matiresi anga kuti ndizidzuka ndikuziona. Kuyambira pamenepo ndinayamba kuyesa. Ndinadabwa kuona kuti zinthu zambiri zimanyansa zikagona. Wigi ina inanyansa. Mnyamata wina woyendetsa taksi amene ankati andikwatira Loweruka lomwelo ananyansanso, sanafike ndi Lachisanu lomwe. Koma malata a nyumba ya amayi ndinawanyika mwezi wathunthu, anakhalabe okongola, ndipo ndinatumiza ndalama kuti agule.

Chovuta chinali foni, chifukwa foni imalola wamanyazi kulankhula popanda kuyang'ana munthu m'maso. Tsiku lina nthawi yopuma masana achemwali ananditumizira chithunzi cha Thoko atametedwa mpala, mutu uli mbee. Tsitsi limene ine ndinkatumizira mafuta ndi timikanda! Ndinatuluka panja, ndinadina pojambulira mawu, ndinayamba kulankhula zimene pamaso sindikanatha. Ndinati mwana wanga mukumusunga ngati wamasiye. Ndinati ana anu simungawachite zimenezi. Ndinati zambiri. Chala chili pafupi kutumiza, dzanja lonenepa linachokera kumbuyo n'kutsomphola foni.

"Abiti, ndipatseni!"

"Astaghfirullah, mawu onsewa anali mwa iwe? Ndimayesa ndiwe bubu." Anatsegula chibigiri chopanda kanthu chimene munkakhala sopo waufa, anaikamo foni, anatseka, n'kulemba pachivindikiro ndi choko kuti MAWA. "Subira, mwana wanga, leza mtima. Mawu ako sathawa. Akakhala abwino, mawa adzakhalanso abwino."

Tsiku lonse ndinasita ndili duu, osawalankhula. M'mawa mwake ndinatsegula chibigiri, ndinapeza achemwali atatumiza uthenga wina. Ankati Thoko anatuluka zipere m'mutu, ndipo anamubereka wapansi mpaka kuchipatala, adokotala n'kunena kuti amumete kuti mankhwala azilowa. Ankati, "Usadandaule, tsitsi limera. Ndamuuza kuti amayi ako akaona chithunzi aseka."

Ndinamvetsera mawu anga adzulo aja ndili ndekha kuseri kwa makina. Ndinachita manyazi ngati ndayenda wamaliseche pamsika. Ndinawafufuta. Chibigiri chija chinatchuka, moti ngakhale atsikana a ku Zimbabwe akakangana ndi amuna awo ankabwera okha kudzaikamo mafoni. Masiku ena munkagona atatu.

Zobwerera kumudzi sindinachite mwamwera. Ndinazinyika chaka chonse. Tsiku lonyamuka, Abiti anandiperekeza kokwerera basi, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Anandikankhira kaphukusi m'chikwama.

"Aphunzitsi apite nawe. Kuno amaliza ntchito, kumudzi ndiye kuli kalasi yaikulu. Ukandiperekere moni ku Chipoka, inshallah ndidzakupeza."

Njira yonse, kudutsa Mozambiki, Dedza, Lilongwe mpaka kutsetsereka ku Salima, ndinkangoona chinthu chimodzi: Thoko akuthamanga, akufuula kuti amayi, amayi, ine n'kumunyamula. Sindinaganizepo kuti mwana wa zaka ziwiri sasunga nkhope ya munthu zaka zinayi. Pafoni ankachita manyazi ngati ine ndemwe, ankangoti "bwino" n'kuthawa, ndipo ine ndinkati tikadzaonana zidzatha.

Ndiye ndinali pamenepo Lachitatu lija, dzanja lili pamkono wa mwana wanga, dzanja lina likufufuza nambala ya wanjinga.

"Tiye," ndinatero. Ndi mawu okhawo amene anatuluka.

Thoko anaona nkhope yanga n'kuchita mantha. Anadzipotokola kuti athawire kwa achemwali, anapulumuka m'dzanja langa, n'kugwera pamwala wa pakhonde. Bondo linang'ambika. Magazi anatsikira kumwendo, ndipo pofuna kudzipukuta anagwiritsa m'mphepete mwa yunifolomu. Ataona banga analira kwambiri kuposa mmene analirira bala.

"Yunifolomu yanga! Amadamu akandibweza! Amayi, yunifolomu yanga!"

Achemwali anandiyang'ana kamodzi kokha. Anamunyamula, anamutsuka bondo, anamumanga kansalu, anamuvula yunifolomu n'kumuveka diresi lina. Ine ndinangoima pakati pa zikwama ngati mlendo wosochera. Amayi anga, amene ndinawapeza atakalamba kuposa mmene ankaonekera pa zithunzi, anali pamkeka pansi pa malata anga aja, akungopukusa mutu.

Kenako ndinaona achemwali akuika poto wa madzi pa mbaula, yunifolomu ili m'beseni pambali.

"Madziwo ndi a chiyani, achemwali?"

"Ndichapire yunifolomuyi magazi asanaume. Ili imodzi yomweyi."

"Ayi! Otentha ayi. Muwaphika. Magazi amafuna ozizira ndi kamchere. Munyike kaye, muchape mawa."

Mawuwo anatuluka okha, ndipo nditawamva m'makutu mwanga ndinakhala ngati wina wandithira madzi kumaso. Ndinayang'ana foni m'dzanja langa, nambala ya wanjinga ili pompo. Ndinayang'ana mwana wanga atabisa nkhope m'chitenje cha achemwali. Ndinaseka. Ndinaseka misozi ikutsika, mpaka amayi anafunsa ngati ku Joni ndinayamba kumwa.

Ndinatenga beseni, ndinathira madzi a mumtsuko, ndinawaza mchere, ndinamiza yunifolomu. Kenako ndinavundukula poto wina wopanda kanthu, ndinaikamo foni, n'kuvundikira.

"Nanga foni ukuiphikanso?" anafunsa achemwali.

"Ndikuinyika."

Dzuwa lisanapendeke kwambiri ndinatsatira achemwali kuthandala kumene amayanika usipa. Pamene ndinkachoka ankagwirira ena ganyu, koma tsopano anali ndi mathandala awoawo atatu. Tinayamba kutembenuza usipa, iwo mbali iyi ine mbali iyo, monga mmene tinkapindira nsalu ku Durban.

"Umafuna kumutenga," anatero osandiyang'ana.

"Eya."

"Ndinadziwa. Ndinakuona miyendo." Anatembenuza usipa wina. "Sindinakubere mwana, iwe. Tsiku lililonse ndimamuuza kuti amayi ako ali ku Joni, nsapato izi agula ndi amayi ako. Koma mwana amadziwa msana umene wamubereka. Ana anga akamati amayi, iye ati chiyani?"

"Ndamva, achemwali."

"Ndiwe mayi wake, ukafuna kumutenga sindingakuletse. Koma ukamutenga lero, akakulirira mwezi wathunthu, ndipo ine kuno ndidzalira miyezi iwiri."

Ndinayang'ana manja awo, osweka ndi mchere ndi dzuwa. Ndinafuna kunena zambiri, za zipere, za mawu amene ndinafufuta aja, koma pakamwa panga ndi pomwe paja.

"Zikomo pomumeta," ndinatero.

Anandiyang'ana modabwa, kenako anaphulika kuseka. "Zaka zinayi ku Joni, wabwera ndi zikomo wa mpala!"

Tsiku limenelo Thoko sanandiyandikirenso. Zidole ndi madiresi amene ndinamugulira ndinazisiya m'chikwama, chifukwa ndinaona kuti kuzitulutsa nthawi imeneyo kukanakhala kuthira madzi ena otentha.

M'mawa mwake ndinadzuka kunja kukungoyera. Ndinavala aphunzitsi pamwamba pa chitenje, ndinakoleza makala, ndinatulutsa beseni pabwalo. Madzi anali atafiirira, banga litafewa. Ndinapaka sopo, ndinatikita pang'onopang'ono ndi zala ziwiri, ndipo linachoka lonse osasiya chizindikiro. Ndinatsukuluza, ndinaikulunga m'tawulo langa lalikulu n'kupondaponda kuti madzi atuluke, monga mmene tinkachitira mlendo akafuna malaya ake msanga. Kenako ndinaika makala m'simbi ya achemwali n'kuyamba kusita.

Ndinamva kuti wina akundiyang'ana. Thoko anali pakhomo, chala chili mkamwa, kansalu kali pabondo. Sindinamuitane. Ndinapitiriza kusita, ndikukonza mapindo a siketi limodzilimodzi, akuthwa ngati a ogwira ntchito m'hotela. Anasendera pang'ono. Anasenderanso.

"Magazi aja apita kuti?"

"Atuluka okha. Ndinawapempha bwinobwino."

"Bodza." Anamwetulira, ndipo ndinaona kuti dzino limodzi lakutsogolo linachoka. Analoza pachifuwa panga. "Nanga anuwo bwanji sanatuluke?"

"Awa ndinawakalipira."

Anaseka, n'kukweza manja kuti ndimuveke. Yunifolomu inali yofunda. Anazungulira kawiri kuti mapindo atambasuke, n'kuthamangira m'nyumba. "Amayi, taonani! Taonani zimene achita anti!"

Achemwali anatuluka akumanga mpango. "Ine lero ndili ndi usipa wambiri. Akuperekeze ndani kusukulu ndi bondo limeneli?"

Thoko anandiyang'ana, anayang'ana pansi, n'kunena motsitsa mawu, "Awa."

Tinayenda mumchenga, iye kutsogolo akutsimphina monyadira, ine pambuyo nditanyamula chikwama chake cha makope. Manja anga ankayabwa kufuna kumugwira, koma ndinawasunga. Pafupi ndi sukulu tinakumana ndi kamtsikana kena, mnzake wa m'kalasi, kamene kanayang'ana mapindo aja n'kundiyang'ana ine.

"Awa ndani?"

"Anti anga a ku Joni," anatero Thoko. Anaganiza pang'ono. "Amayi akuti ndi amayi anganso. Amatha kuchotsa magazi."

Sindinakonze kanthu pa mawu akewo. Tikuwoloka msewu, kadzanja kofunda kanagwira chala changa, ndipo sikanasiye mpaka pakhomo la kalasi. Nditabwerera kunyumba ndinavundukula poto uja, ndinatulutsa foni, ndinaimbira wanjinga kuti akapita ku boma andigulire sopo ndi paketi ya mchere.